A Sandalamu Ankatseka Njira ndi Msuku

Loweruka likubwerali akuvundukula chiliza cha a Sandalamu, apongozi anga aamuna, ndipo chimvereni kuti a Elube abwera nawo, ine mtima sukukhala m'malo. A Elube ndi mlongo wawo wa malemuwo, amakhala ku Mtunthama, ndipo ndi amene ananena pagulu kuti ine ndi mwana wanga Tadala tichoke pamudzi pano. Nthawi imeneyo a Sandalamu analipo. Lero kulibe. Ndiye ndati ndilembe za iwowo, kaya zikoma kaya sizikoma, sukulu ndinalekezera ku pulayimale ine, koma zimene ndinaona ndinaziona ndi maso angawa, paja munthu wamantha palibe chimene chimamudutsa.

Anali aatali, ouma thupi, zidendene zong'ambika ngati dambo la m'chilimwe. Nsapato zawo zinali za tayala, zosoka okha. Chikwama chawo chinali thumba la feteleza lodula pakati, lomangirira luzi, ndipo a NaNkhoma, apongozi anga aakazi, ankati limenelo ndi thumba lokhalo la feteleza limene amuna awo anabwera nalo pakhomo ndi manja awo.

Fodya akatha kugulitsa, moto ukadutsa m'tchire, a Sandalamu ankasowa. Osatsanzika. Umangoona pamtengo wa chigafa cha fodya palibe thumba, palibe ndodo, basi wadziwa kuti apita kumabwinja. Kumadzulo kwa Chulu kuno, minda ikatha kumayamba tchire la paki ya nyama, ndipo kuseri kwa tchirelo ndi malire a Zambia. M'katimo ndi mmene munali mudzi wa makolo awo, anthu asanachotsedwemo nthawi ya atsamunda chifukwa cha kashembe ndi nthenda ya kaodzera. Iwo anatulukamo ali kumsana. A NaNkhoma ankawaseka nazo zimenezi, amvekere munthu wochoka ali khanda akukumbukirako chiyani, bere? Iwo ankayankha kuti amayi awo ankawatengerako chaka ndi chaka mpaka maondo anakana, ndi kuti njira ilibe chakudya china koma phazi, ukaimana imafa.

Agemu, aja oyang'anira nyama, ankawadziwa. A Sandalamu ankayamba adutsa pamsasa pa agemuwo, n'kukhuthula thumba lija pansi kuti aone okha: chigubu cha madzi, mbatata yootcha, kampeni kobuntha. Waya wotchera nyama ayi, nkhwangwa ayi. Pobwera ankakhuthulanso, ndipo munkatuluka phale la mphika wakale, kapena kamwala kakuda kobowokabowoka kamene iwo ankati ndi manyi a chitsulo. Agemuwo ankangopukusa mitu, n'kuwauza kumene njovu zili sabata imeneyo.

Mkangano waukulu umene ndinawamvapo ndi akazi awo unali wa makuponi a feteleza. Chaka chimenecho tsiku logawa linafika iwo ali kumabwinja, mayina anaitanidwa pasukulu, lawo linaitanidwa n'kudutsa. Madzulo akutulukira ndi kathumba kawo, a NaNkhoma anawachingamira pabwalo pomwe, ine ndili kuseri kwa nkhokwe ndikumva zonse.

“Anzanu atentha mitu pamzere, inu muli kocheza ndi mapale.”

“Mapale sakankhana pamzere.”

“Ndiye m'chimangamo tithire mapalewo?”

“Dothi la kumeneko mutaliona, mayi, lakuda bii. Silidziwa kuponi.”

“Kalimeni komweko. Njovu zikakuthandizani kukolola.”

Iwo anaseka, koma m'mawa mwake ndinawaona akututa manyowa a mbuzi ndi dengu, mpaka dzuwa kulowa, osalankhula ndi munthu. Ankatero a Sandalamu. Pakamwa sankapepesa, ankapepesa ndi msana.

Akuluakulu a mpingo nawonso anawaitanapo, zitamveka kuti amakathira nsembe kumizimu. Anapita atavala jekete, m'thumba muli kamwala kakuda kaja. Akuti anakaika patebulo, n'kunena kuti khasu limene linalambula malo a tchalitchi choyamba kuno linatuluka mu ng'anjo ya agogo awo, ndiye ngati kukaona ng'anjoyo ndi tchimo, ayambe afunsa khasulo. Mlandu unathera pomwepo, ngakhale ena mpaka lero amanong'ona.

Chakumapeto miyendo inatupa. Mpanda wa waya wa paki unadzafika iwo atasiya kale kuyenda, ndipo sanadandaule nawo, ankati bola ana agone osaopa njovu m'munda. Ankangokhala pachigafa atayang'ana kumadzulo, aliyense wochokera mbali imeneyo n'kumufunsa ngati masuku ayamba kugwa. Anamwalira mvula ili pakati. Koma ndathamangira kutsogolo, ndibwerere.

Ine ndi iwo sitinkalankhulana. Osati chidani, mwambo. Mtengwa ndi apongozi ake aamuna sayang'anana kumaso, sakhala mphasa imodzi, satchulana mayina. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'udzu n'kugwada chofulatira, ndipo iwo ankayamba kutsokomola akadali patali kuti ndipeze nthawi yopatuka. Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa pakati pa zifuwa zonse za m'mudzi muno. Akakhala ndi mawu, ankauza chilichonse chimene chili pafupi. Tadala asanabadwe ankauza tambala. “Iwe tambala, auze eni nyumba ino kuti mbuzi zalowa kudimba.” Ine m'nyumbamo n'kuyankha kuti tambala wamva. Tadala atabadwa, tambala anachotsedwa ntchito. Mwana wosatha n'kukhala komwe, koma mauthenga onse ankadzera pa iye.

Za ine ndinene pang'ono pokha, kuti mumvetse mantha anga. Ndine mwana wa matenanti. Ndinabadwira pa esiteti cha ku Simlemba, makolo ankati kwathu ndi kummwera koma sindinapondeko, ndipo onse awiri anaikidwa m'manda a eni ake. Fanuweli, mwana wa a Sandalamu, ananditenga chitengwa n'kubwera nane pano. Chaka chimene thumba limodzi la feteleza tinagawana m'mabeseni mabanja angapo, fodya anafupika n'kuchita chikasu, Fanuweli anakankha njinga kulowera ku Zambia kukafuna ntchito m'mafamu, ine ndili woyembekezera. Poyamba mawu ankabwera. Kenako anasiya.

Ndiye a Elube anabwera, Tadala akukwawa. Anthu anakhala pansi pachigafa, ine chapatali ndi mwana pamwendo. Sindinganame kuti a Elube analankhula zopanda nzeru. Anati munda umene tinkalima ndi wa mbumba, wa ana a akazi, ndipo mwana wawo wamwamuna wakwatira alibe polima. Anati mtengwa amakhala pamudzi chifukwa cha mwamuna, mwamuna akasowa amaperekezedwa kwawo mwaulemu. Kenako anatembenukira kwa ine, mawu ofewa ndithu.

“Kwanu n'kuti, mayi, kuti tidziwe kokutulani?”

Ndinayang'ana chala cha Tadala. Anagwirizana kuti ngolo ibwera kudzatenga katundu wanga kukamusiya kumsewu, mvula isanagwe. A Sandalamu nthawi yonseyo ankasema mpini, osatukula mutu, osatsokomola n'komwe. Ndinati mumtima, munthu uyu amadziwa kulankhula ndi tambala ndi mapale basi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ngolo ibwere, kukungoyera kumene, ndinamva chifuwa chija kuseri kwa nyumba.

“Tadala, uwauze amako atunge madzi m'chigubu, akubereke bwino. Tikukaona kwanu.”

Kwanu. Ndinati basi, afuna atiperekeze chodzera kutchire kuti anthu asaone manyazi awo, akatisiya kumalire tikasakesake tokha Fanuweli. Koma mawu a apongozi sabwezedwa. Ndinamanga mwana, ndinatenga chigubu, ndinatseka chitseko ndikuganiza kuti mwina ndi komaliza.

Iwo anali patsogolo, patali ndithu monga mwa ulemu, ine ndikungoona kathumba koyera kakugwedezeka. Tinadutsa minda, zitsa za fodya zili mbuu, tinadutsa pamsasa wa agemu, kenako nyumba zinatha, tambala osamvekanso. Lupsa lokhalokha. Pansi pakuda, phulusa likulowa m'zala, mitengo ina yaima yopanda tsamba, ina yaphuka masamba ofiira ngati yavulala. Nyenje zikulira mpaka m'mutu kumveka ngati mwalowa waya. Dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe, thukuta linali litanyowetsa kale chitenje, mwana akuterera kumsana, ine maso uku ndi uku, chitsa chilichonse ndikuchiona ngati chagwada chikundidikira.

Tadala anayamba kulira njala. Ndinakhala pamthunzi wa chulu kuti ndimuyamwitse, pang'ono pokha, ndipo podzuka kathumba koyera kanali katasowa. Ndinathamanga. Kutsogolo njira inagawikana pawiri, ndipo pa ya kumanzere panagona nthambi ya msuku, yaiwisi, yothyoledwa kumene, masamba ake aakulu aja. Mtima unatsika. Ndinati taonani, andisiyira chizindikiro kuti ndidzere uku. Pa esiteti misewu yake ndi yowongoka, ya thirakitala, palibe amene anandiuzapo za nthambi. Ndinaidumpha n'kupitirira.

Njira ija inatsetsereka, n'kukula, n'kuyamba kuphukira tinjira tina mbali zonse. Mapazi a tayala sindinkawaona koma ndinkati nthaka yauma. Ndinafika pakhwawa lopanda madzi, mchenga wokhawokha, ndipo pamenepo ndinaona ndowe. Zazikulu ngati mitu ya anthu, zonyowa, ntchentche zikadali kuitanizana. Pambali mtengo wothyoledwa pakati, utomoni ukutsika. Ndiye ndinamva kulira kwina kwapansipansi, kokhala ngati lole ili kutali, koma sikunkachokera kutali, kunkachokera kuseri kwa zitsamba zimene ndinkaziona masamba ake. Nthambi inathyoka. Chinthu chotuwa chimene ndinkayesa chulu chinagwedeza khutu.

Ndinatsitsa mwana n'kumutseka pakamwa ndi bere. Ndinafuna kuitana, ndinatsegula pakamwa, koma ndiitane kuti chiyani? Dzina lawo linali lisanatulukepo pakamwa panga. Ngakhale pamenepo, imfa ili poteropo, lilime linakana. Ndinangoweramira pakhutu la mwana n'kunong'ona kuti, “Tadala, aitane agogo. Aitane agogo, mwanawe.” Iye akungoyamwa, akundiyang'ana.

Sanatsokomole. Tsiku limenelo lokha. Ndinangozindikira dzanja louma landigwira pamkono, ndipo nditacheuka nkhope yawo inali pafupi ndi yanga, ndinaona koyamba kuti diso lawo lakumanja linali ndi kamtambo. Anatapa fumbi n'kuliwaza pang'ono, kuona kumene mphepo ikupita. Kenako analankhula, kwa ine, osati kwa mwana.

“Musathamange. Pondani pamene ndikuponda ine.”

Tinabwerera chammbuyo, kenako chammbali, mkono wanga uli m'dzanja lawo, ine ndikuponda m'mapazi a tayala ngati mwana wophunzira kuyenda. Sindidziwa kuti tinayenda nthawi yaitali bwanji. Titafika pamphambano paja anandisiya, n'kutola nthambi ija.

“Mayi,” anatero, “nthambi ikagona panjira ndiye kuti njirayo yatsekedwa. Yopanda kanthu ndiye yanu. Kwanu sanakuphunzitseni?”

“Ndilibe kwathu, bambo.”

Zinangotuluka. Anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, ine osagwada, osafulatira, ndaiwala zonse. Kenako anabwezera nthambi pamalo pake, anaiwongola ndi phazi, n'kutembenukira kwa mwana.

“Tadala, uwauze amako ayende pafupi.”

Kulankhulana kwathu kunali komweko, moyo wonse. Mawu amenewo ndimawabwereza ngati nyimbo.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuona mmene ankachitira. Pamphambano iliyonse ankathyola msuku osaima n'komwe, n'kuugoneka pa njira imene sitikupita. Popanda msuku ankakanda mzere ndi ndodo, koma ankauza Tadala kuti mzere ndi wa aulesi, mphepo imaufufuta. Madzi atatha anagwada pakhwawa lina, pamene mchenga unali ndi timapazi ta mbalame, anafukula ndi manja mpaka chigongono, n'kukhala pansi kudikira. Madzi anabwera okha, pang'onopang'ono, ozizira ngati a mumtsuko. Anatunga ndi phale, n'kuliika pamwala kuti ine nditenge ndekha, mwambo utabwerera kale.

Choyamba anationetsa ng'anjo. Ndikanadutsa ndekha ndikanati ndi chulu. Yaitali kuposa iwo, yofiira, yong'ambika mbali imodzi, pansi pake pali timakomo tozungulira. Anaika dzanja pakhoma lake monga mmene munthu amagwirira ng'ombe yake. Anauza Tadala kuti mmenemo miyala inkasanduka makasu, amuna ankagona kutchire osayandikira akazi mpaka chitsulo chitabadwa, ndipo ng'anjo ikakanika ankabwerera kumudzi kukafunsana kuti walakwa ndani. M'mphepete mwake munali timiyala takuda tija, mulu wonse, tosatha kutola.

Kenako thanthwe lalikulu lopendekeka ngati khonde, kunsi kwake kozizira, konunkha mileme. Pakhoma panali zojambula zofiira, mizere, tozungulira tokhala ndi tozungulira tinzake m'kati, china ngati dzuwa la miyendo. Ndinadikira kuti amasulire. Iwo anati anajambula ndi anthu aafupi amene makolo athu anawapeza, ndipo tanthauzo lake anapita nalo eni ake, amene angakuuze kuti akulidziwa akufuna umugulire mowa. Anangoletsa Tadala kukhudza, ngati kuti mwana wa kumsana akanafikira.

Chapafupi panali kamwala ka simenti kosongoka, koima pakati pa tchire popanda nyumba, popanda msewu. Anati amenewo ndiwo malire. Anaima mwendo uku mwendo uku, n'kuuza mwana kuti agogo awo aakazi a iwowo ankaphika ku Malawi n'kukataya phulusa ku Zambia, opanda chiphaso. Ine ndinayang'ana mbali ya kumadzuloyo, mitengo yomweyo, lupsa lomwelo, Fanuweli ali kwinakwake mmenemo. A Sandalamu nawonso anayang'ana komweko. Kenako anapukuta kumaso ndi chipewa.

Pomalizira tinafika palinga. Mitengo ya nkhadze inazungulira malo aakulu ngati bwalo la mpira, yakalekale, yokhuthala, ndipo m'munsi mwake munali kamtumbira ka dothi kotsatira mzere womwewo, kotsalira pa khoma limene makolo anamanga poopa nkhondo. M'katimo phazi lililonse limaponda phale. Pathanthwe lina panali maenje osalala a mphero, ndinalowetsamo dzanja, n'kumva ngati mwini wake wangopita kukatunga madzi. Ndipo dothi lake linalidi lakuda. A NaNkhoma akanaliona.

Anapita molunjika pansi pa mkuyu wina, anakankha masamba ouma ndi ndodo, n'kuonekera mafuwa atatu, akadali okhala mmene amakhalira.

“Tadala, tsika. Apa ndi pa agogo anga. Mchombo wanga uli apa, kuseri kwa mafuwawa. Pondapo.”

Ndinamasula mwana n'kumuimika, ndamugwira m'khwapa. Anaponda, anagwada, ndipo ndisanamugwire dzanja anali atatapa dothi n'kuika m'kamwa. Ndinafuna kumulavulitsa. A Sandalamu anaseka mpaka kukhala pansi, kuseka kumene sindinakumvepo kumudzi.

“Musiyeni, wadya kwawo.” Kenako anakumbukira, n'kukonza. “Tadala, uwauze amako akusiye.”

Tinakhala pamenepo dzuwa n'kupendeka, iwo uko ine kuno, tikudya mbatata. Ankalankhula ndi mwana, motsitsa, akuyang'ana mafuwa. Anati tsiku lochotsedwa iwo salikumbukira, koma amayi awo ankanena kuti anatuluka pachipata icho ndi mtsuko pamutu, khanda kumsana, osadziwa kumene akagone, ndipo mpaka kufa kwawo akamva ngolo ikubwera ankadzidzimuka. Anati mayendedwe a mzimayi wochotsedwa iwo anawamva ndi chifuwa chawo asanadziwe kulankhula. Ndipo anati pabanja limodzi, kamodzi n'kokwana.

Pobwerera, tisanatuluke m'tchire, anadula nthambi yaikulu ya msuku ndi kampeni kobuntha kaja, anavutika nayo ndithu, n'kuisenza paphewa. Kumudzi kuno misuku inatha kalekale, inapita m'zigafa ndi m'nkhuni. Ndinayesa atengera mbuzi. Tinalowa m'mudzi dzuwa likulowa, iwo patsogolo patali, ine pambuyo, ngati palibe chachitika.

M'mawa mwake ndinamanga mapoto m'chitenje, ndinapinda mphasa, n'kutsegula chitseko. Pakhomo panga pankachoka njira ziwiri, ina yopita kwa apongozi ndi kumjigo, ina yolunjika kumsewu. Pa ya kumsewuyo panagona nthambi ya msuku.

Amayi opita kumjigo anaima ndi zidebe pamutu. Palibe anafunsa kuti waika ndani, msuku m'mudzi muno unali ndi mwini mmodzi. Ngolo inabwera chakumsewu, inafika panthambipo, woyendetsa anakoka zingwe, ngolo n'kuima. Kenako a Elube anafika, akumanga mpango. A Sandalamu anali pachigafa ndi mpini wawo uja.

“Alongo, izi ndiye ziti?”

“Mwaiwala kuwerenga, a Elube? Amayi anatiphunzitsa tonse.”

“Musandichititse manyazi pa ana. Munda uja ndi wa mbumba.”

“Wa mbumba uli kumadzulo uko. Ndinali komweko dzulo, palibe akulima. Uno tinachita kupatsidwa titafika ndi mitsuko pamutu. Tonse ndife obwera pano, kusiyana kwake ena anafika m'mawa ena masana.”

“Ndiye mwana wanga adye chiyani, mapale anuwo?”

“Atenge munda wanga wa kudambo.”

A NaNkhoma anaika chidebe pansi. “Wa kudambo uti? Wa fodya uja?”

“Womwewo.”

“Abale inu, tamverani. Munthu wapereka munda chifukwa cha masamba.”

A Elube anayenda mpaka panthambi paja. Ndinkayang'ana phazi lawo, ndinaliona likunyamuka, kanthambi kake mwana akanadumpha. Linakhala m'mwamba, kenako linabwerera pamene linachoka. Analambalala, n'kudzera njira ya kumjigo. Podutsa pachigafa anati, osakweza mawu, “Nthambi imauma, alongo.” Ngolo inatembenukira pomwepo, yopanda kanthu.

A NaNkhoma anatha sabata osawalankhula amuna awo, ndipo chaka chimenecho anadya movutika, ine ndikudziwa, ndinkaona nkhokwe yawo. Koma tsiku lachiwiri lomwe anandipeza ndikumasula mapoto, anaponya kamchere pamphasa n'kunena kuti, “Mumange bwino mwanayo, mwamuyendetsa m'dzuwa ngati mbuzi.” Basi.

A Sandalamu sanaitchulenso nkhaniyo. Anabwerera ku chifuwa chawo ndi mauthenga awo, ndipo Tadala atayamba kulankhula anayamba kuwafikitsadi, kuthamanga kuchokera pachigafa, “Amama, agogo akuti nkhuku zikudya mphale,” ine ndamva kale ndekha. Uthenga womaliza anautumiza atagona pamphasa, ine ndili pakhomo ndi phala. Ndinatchera khutu, ndinkayesa anena zazikulu. Anati, “Uwauze amako chigubu chija asathiremo palafini. Ndi cha madzi.”

Mawu a a Elube aja ndi amene akundisowetsa tulo sabata ino. Nthambi imauma. Inaumadi, chiswe chinaidya mvula yoyamba yomwe. Fanuweli sanabwere. Munda wa kudambo mwana wa a Elube akulima, koma ana ake achuluka, ndipo ndamva kale kuti ukuchepa. Loweruka akatha kuimba kumanda adzakhala pansi pachigafa, ndipo sipadzakhala wosema mpini.

Ndiye lero m'mawa ndinatuluka kukayang'ana pamene panagona nthambi. Ndinafunafuna. Chichokereni tsiku lija palibe amene anapondanso njira imeneyo, ine kumsewu ndimadzera kwa apongozi, ana a m'mudzi amadzera komweko, ngakhale alendo amangotsatira pamene pali poyera. Udzu unabwera, chisoso chinabwera, kamtengo ka mpoza kamera pakati penipeni, kafika kale m'chiuno mwanga. Sindinathe kuloza kuti njira inkadutsa apa. Kaya zimenezi zikwanira Loweruka, sindikudziwa. Koma wofuna kunditulutsa ayambe walambula, anthu akuona.

Kuchoka apo ndinapita pachigafa. Fodya anachoka, mwangotsala mikangala yomupachikapo ndi fungo. Pamene ankakhala pali kadzenje kosalala ka zidendene, ndi timabowo ta ndodo tambirimbiri, tonse mbali ya kumadzulo. Thumba lija likadali pamtengo wake, dzuwa lalidya, ukaligwira limatsala m'manja ngati ufa. Timiyala takuda tili pamzere m'munsi mwa mzati, Tadala amatenga atatu n'kuphikirapo masanje. Chigubu ndinachitsuka, chili m'nyumba, sindinathiremo kanthu.

Kuseri kwa chigafa ndi kumene kumayambira kanjira kawo ka kumabwinja. Kakuonekabe pang'ono, kamzere kotuwa kolowa m'zitsa za fodya, kakucheperachepera. Miyezi yonse imene anakhala pamenepo miyendo itatupa, kanjirako kanali pafupi, potambasula dzanja pokha, ndipo ndodo anali nayo. Ndinagwada, ndinapatula udzu, ndinayang'anitsitsa pansi ngati pali kanthambi kouma, kapena mzere.

Palibe. Sanakatseke.